Delbert Sedlak ndi Matope a Msewu wa Kudambo

Delbert Sedlak ndinamudziwa tili ana, tikukhala benchi imodzi kupulaimale ya ku Milota, ndipo ngakhale nthawi imeneyo anali kale munthu wovuta kumupatsa chinthu. Aphunzitsi akamutuma kugawa mabisiketi pa Khirisimasi, iye ankadzisiyira yomaliza, yophwanyika ija, kenako n'kumayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati tonse taona. Sindikunena izi momunyoza. Ndinkamukonda, ndipo mpaka lero ndikamuona akutsika m'galimoto mwake pang'onopang'ono atagwira bondo, mtima umandiwawa. Koma ine, Twila, ndinakalambira pa ntchito yogawa makalata m'mafamu a kaunti yathu, ndiye kuti boma lathu laling'ono, kuno ku Nebraska, ndipo msewu umene Delbert amakhala unandidyera matayala osawerengeka. Choncho ufulu wolankhula ndili nawo.

Anayamba ngati anyamata ena onse a kuno, kulima chimanga ndi soya ndi kuweta ng'ombe pafamu ya bambo ake. Ntchito za anthu zinkangomupeza zokha. Anayendetsako basi ya ana asukulu. Analowa gulu la ozimitsa moto odzipereka, aja amasiya thirakitala ili chilirire m'munda akamva kuti kwinakwake kukupsa. Kenako anamukankhira m'komiti ya sukulu, kumene anatchuka chifukwa chowerenga mapepala onse msonkhano usanayambe, zimene anzake ankaziona ngati matenda. Anakwatira Marlys, mkazi wodekha amene ankaimba limba kutchalitchi, ndipo anakhazikika m'nyumba yomwe Delbert anabadwiramo, chapakati pa msewu wa Kudambo.

Kaunti yathu ili ndi makomishonala atatu, aliyense wosankhidwa ndi anthu a chigawo chake. Amakumana m'chipinda chapamwamba cha nyumba ya boma kukambirana za misewu, milatho, ambulansi, galimoto ya apolisi ndi udzu wa m'mphepete mwa njira. Si ntchito yolemeretsa munthu. Ndi ntchito yoti foni yako izilira ng'ombe ya wina ikagwera m'ngalande. Komishonala wa chigawo chathu masiku amenewo anali mkulu wina dzina lake Orville Tesch, amene anathira phula msewu wochoka m'tauni mpaka pageti la famu yake, phulalo n'kuthera pomwepo ngati alidula ndi mpeni. Kupitirira geti lakelo kunali fumbi lomwe lija la makedzana. Delbert anajambula chithunzi cha pamene phula linatherapo, nakachipachika pachionetsero cha zaulimi, pafupi ndi khola la nkhumba, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza mawu omwewo.

“Mukandisankha ine, ngakhale fosholo imodzi ya miyala ya boma sidzagwa pakhomo panga.”

Tinamusankha ndi mavoti ochuluka, ndipo tinapitiriza kumusankha kwa zaka zoposa makumi awiri.

Zabwino zimene anachita ndizinene zisanakwiririke ndi zinazo. Milatho yamatabwa imene inkagwedera thirakitala ikamadutsa anaisintha umodziumodzi, kuyambira ya kumene kunalibe aliyense wodziwa kukuwa pamsonkhano. Anzake atafuna kutseka laibulale, iye anakakhalamo masana onse n'kubwera kudzawauza mayina a agogo amene amapitako kukaotha. Ambulansi yathu yachiwiri anaimenyera nkhondo ndi iyeyo. Chipale chofewa chikagwa, analamula kuti magalimoto ochotsa chipale aziyamba ndi misewu ya odwala, osati ya anthu olemera ng'ombe. Pamaliro sankasowa, pamoto sankasowa, ndipo khofi wa m'nyumba ya boma ankadzilipirira yekha, ngakhale kuti khofi ameneyo anali woti munthu azichita kulipidwa kuti amwe.

Tsono panali mwambo wake umodzi umene kaunti yonse inkaudziwa. Chaka chilichonse mu Febuluwale makomishonala amakhala pansi kusankha misewu yoti ithiridwe miyala ndi kuikidwa makalavati. Mlembi akangotchula msewu wa Kudambo, Delbert ankakankhira mpando kumbuyo, n'kutenga kapu yake, n'kutuluka. Ankakaima m'khonde pafupi ndi mpopi wa madzi akumwa mpaka atamuitana. Anthu anafika pomati munthu akazemba nkhani yovuta, kaya ndi m'banja kaya kutchalitchi, ankangoti wapita kukamwa madzi ngati Delbert. Ankanena moseka, koma monyadira. Alendo ochokera m'makaunti ena tinkawauza nkhaniyi ngati mmene ena amaonetsera ng'ombe yawo yopambana.

Chimene sitinkachiganizira n'chakuti patebulo la anthu atatu, mmodzi akatuluka pamatsala awiri, ndipo awiriwo ayenera kugwirizana onse kuti chinthu chidutse. Aliyense wa iwo anali ndi misewu ya kwawo yomulira. Miyala ndi yochepa chaka chilichonse. Ndiye ndani angapatse msewu umene mwini wake yemwe wauthawa? Delbert ankabwerera m'chipindamo, n'kumva kuti Kudambo adikire chaka chamawa, n'kugwedeza mutu ngati wamva za nyengo.

Msewu wa Kudambo umadutsa m'chigwa cha dothi lakuda lomata. M'chilimwe ndi wabwinobwino, ungathe kuutamanda. Koma chipale chikayamba kusungunuka mu Malichi, umasanduka phala, ndipo mvula ya Epulo imabwera kudzatakasa. Galimoto imalowa mpaka m'mimba. Ndinatitimiramo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse amene ankabwera ndi thirakitala ndi tcheni anali Delbert yemweyo, akumwetulira, matope ali mpaka m'mawondo.

“Twila, iwe vuto lako umaponda mafuta kwambiri,” anandiuza tsiku lina akumangirira tcheni.

“Ine vuto langa ndi komishonala wanga,” ndinatero. “Kodi misonkho imene timakhoma kunoyi imapita kukagula madzi a mumpopi muja?”

“Ukudziwa chimene ndinalonjeza.”

“Unalonjeza za pakhomo pako. Ine ndatitimira pakhomo pa a Pokorny.”

Anaseka, nakwera thirakitala. Ankaganiza kuti ndikucheza, ndipo mwina theka lake ndinkachezadi.

Pamene ndinkayamba ntchito, mumsewu umenewo ndinkaima kambirimbiri. Kunali a Pokorny, a Wiese, a Janda ndi ana awo aphokoso, a Sedlak, ndiponso kumapeto kwenikweni, pamene msewu umathera pamtsinje, a Dolezal. Basi ya sukulu inaleka kulowako nyengo ya matope, ndipo Mayi Janda atatopa kukokera ana pangolo mpaka kumsewu waukulu, banjalo linasamukira m'tauni. Galimoto yotenga mkaka inakana kubwera, a Wiese anagulitsa ng'ombe zawo n'kupita kwa mwana wawo ku Lincoln. A Pokorny anangotseka chitseko. Sindinganame kuti onsewa anachoka chifukwa cha msewu wokha, pakuti mafamu ang'onoang'ono akutha paliponse. Koma m'misewu ina anthu ankachoka akulira, pomwe ku Kudambo ankachoka akutukwana. Delbert ankawathandiza kupakira katundu, ndipo lole ikatitimira ankaikoka ndi thirakitala yake osalandira kanthu.

Mapeto ake munatsala nyumba ziwiri zofuka utsi, ya Delbert ndi Marlys, ndi ya Mayi Irma Dolezal, amene amuna awo anali atamwalira kalekale.

Mayi Dolezal anali mayi wamng'ono thupi koma wa pakamwa pakuthwa, mnzawo wapamtima wa malemu mayi ake a Delbert. M'nyumba imeneyo analowamo ali mkwatibwi, ndipo ankanena poyera kuti adzatulukamo atagona chagada. Mtima wawo unayamba kufooka, miyendo n'kumatupa, ndipo namwino ankabwera kangapo pa mlungu kudzawayeza ndi kuwakonzera mankhwala. Chaka china, nyengo ya matope, namwinoyo anatitimira kawiri, kachitatu galimoto inagwera m'ngalande. Mabwana ake analamula kuti matope akadzayambanso sadzatumizanso munthu kumeneko. Mwana wa Mayi Dolezal, Connie, amene amakhala ku Omaha, anabwera n'kunena mosapsatira kuti ngati boma silivomereza kukonza msewuwo pamsonkhano wa Febuluwale, adzawatenga mayi ake chipale chisanasungunuke n'kukawaika kunyumba yosungirako okalamba. Connie sanali woipa mtima. Ankangoopa kudzalandira foni yakuti mayi ake awapeza pansi patapita masiku.

Masiku amenewo ndinali nditaleka kusiya makalata awo m'bokosi la kumsewu, ndinkalowa nawo m'nyumba. Tsiku lina mu Januwale ndinapeza Delbert ali m'khitchini mwawo, atakhala kumphepete kwa mpando, kapu ili pabondo. Patebulo panali mbale ya makolachi, timabanzi tathu tija ta zipatso pakati, amene Mayi Dolezal ankaphikabe ngakhale ankachita kukhala pansi pokanda ufa.

“Khala, Twila,” anatero. “Umve nawe zimene bwana komishonala abwera nazo.”

Delbert anakonza pakhosi. “Ndimangoti, Mayi Dolezal, namwinoyo azisiya galimoto kumsewu waukulu. Ine ndizikamutenga pathirakitala, ndizimubweza. Tsiku lililonse limene akufunika. Sindidzalephera.”

“Ndi bondo lakolo?”

“Bondoli lilibe vuto.”

“Nanga mabwana ake avomera kuti mtsikana wawo azilendewera kumbuyo kwa thirakitala ngati thumba la feteleza?”

Delbert anali atawafunsa kale mabwanawo, ndipo anamukanira.

Mayi Dolezal anamukankhira mbale ija. “Idya. Kapena nazonso ukuopa kuti anthu anena kuti ndakuhonga?”

Anatenga limodzi n'kungoligwira m'manja.

“Delbert, mwana wa Agnes, ine ndinakusinthapo matewera, ndiye usandiyang'ane ngati uli pamsonkhano. Thirakitala yako ndi yabwino. Wandikokera galimoto, wandibweretsera nkhuni, Mulungu akudalitse. Koma ine sindinavotere thirakitala. Ndinavotera munthu woti akakhale pampando uja n'kunena kuti kuno kuli anthu. Anthu a m'misewu ina onse ali ndi komishonala. Ife a Kudambo tilibe, chifukwa wathu amakhala ali kukhonde.”

“Ndikakhala m'chipindamo adzati ndikudzikonzera msewu ndekha. Adzati ndine Orville Tesch wachiwiri.”

“Adzaterodi,” anatero mayiwo. “Ndiye ukufuna ndikafere pakati pa anthu osawadziwa, akundidyetsa phala ndi supuni yapulasitiki, kuti anthu apitirize kukunena zabwino? Ngati ndi choncho ndiuze, ndiyambe kulongedza. Dzina lako labwinolo talisenza tonse mumsewu muno, mwana wanga. Anzanga analitula n'kuthawa. Ine ndatopa nalo, ndi lolemera.”

Ndinayang'ana pawindo chifukwa nkhope ya Delbert sinali yoti munthu aiyang'ane. Anaimirira, nathokoza chifukwa cha kolachi limene sanalilume n'komwe, natuluka. Ndinamva chisoni, koma ndinalinso ndi mkwiyo wa zaka zambiri, ndipo ndinakondwa kuti wina wanena.

Chaka chimenecho chinali cha chisankho. Chipulula chinali mu Meyi, ndipo kwathu kuno wopambana pachipulula ndiye kuti wapambana basi, chifukwa chipani chinacho sichiimika ngakhale munthu. Kwa nthawi yoyamba Delbert anali ndi womupikisa weniweni, Kyle Brandt, wogulitsa mbewu, munthu wa mano oyera ndi galimoto yoyera, amene ankangoti kaunti ikufunika magazi atsopano. Chifukwa chomunenera Delbert analibe. Ankangochifunafuna.

Marlys anandiuza pambuyo pake kuti milungu imeneyo mwamuna wake ankadya ngati mbalame. Anapita kwa loya wa kaunti kukafunsa ngati lamulo limamulola kuvota pa msewu umene iye amakhalamo. Loyayo anamuyang'ana modabwa n'kumuuza kuti msewu ndi wa anthu onse, ndipo palibe chimene chinkamuletsa chiyambire. “Ndinkaganiza kuti mumadziwa, a Sedlak,” anatero. “Ndinkangoti mumakonda kutuluka mwa kufuna kwanu.” Marlys akuti mawu amenewa ndi amene anamupweteka kuposa a Mayi Dolezal.

Tsiku la msonkhano ndinapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito. Chipinda chinali chodzaza ndi majekete onunkha khola. Rhonda Tietjen, wapampando, anakhala pakati, Delbert kumanja kwake, ndipo kumanzere Curt Bohling, amene chaka chimenecho ankafuna miyala yonse ipite kumsewu wa kumakola akuluakulu onenepetserako ng'ombe m'chigawo chake. Connie anali kutsogolo atafumbata chikwama. Kyle Brandt anali kumbuyo, mwendo uli pamwamba pa unzake.

Mlembi anatchula msewu wa Kudambo. Anthu mwachizolowezi anapinda miyendo kuti Delbert adutse. Iye anagwiradi kapu yake, n'kuitembenuza kamodzi, kenako n'kuiikanso patebulo.

Rhonda anadikira. Curt anasuzumira.

“Delbert, madzi aja akukudikira kukhonde,” anatero Curt, anthu n'kuseka.

“Ndamwa kale kunyumba,” anatero Delbert.

Kuseka kunatha. Analankhula ali chikhalire, maso ali patebulo, ndi mawu omwe ankawerengera malipoti a milatho.

“Mayi wapampando, ine ndimakhala mumsewu umenewu, aliyense akudziwa. Ukakonzedwa ndipindula nawo. Galimoto yanga isiya kutitimira, ndipo famu yanga ikwera mtengo. Mlembi alembe zimenezo momwe ndanenera. Kumapeto kwa msewuwu kuli Mayi Irma Dolezal, amene namwino sangathe kuwafikira. Ndikupempha kuti msewu wa Kudambo uthiridwe miyala ndi kuikidwa makalavati chaka chino, kuyambira kumsewu waukulu mpaka pakhomo pawo.”

“Podutsa pakhomo pako,” anatero Curt.

“Podutsa pakhomo panga. Njira ina yokafikira kumeneko kulibe.”

“Amwene, zaka zonsezi umatiyang'ana ngati akuba tikapempha kalavati imodzi kwathu. Lero wasanduka mnzathu?”

“Lero ndasanduka mnzanu.”

Curt anavota kukana, ndipo sindimuimba mlandu, anali ndi anthu ake omudikira. Rhonda anagogoda cholembera patebulo. Iye ndi Delbert anali atakangana pa zinthu zambiri. Kenako anati akuvomera. Delbert anavomera, mawu ake osamveka bwino, mpaka mlembi anachita kumufunsa kachiwiri. Connie anaweramira m'chikwama chake kufunafuna kansalu. Nditacheuka ndinaona Kyle Brandt akulemba pafoni, ndipo mwendo uja unali utatsika.

Mlungu womwewo nyuzipepala yathu inatuluka ndi chithunzi cha geti la Delbert patsamba loyamba. Kyle sanavutike n'kuganiza zonena. Anafukula chithunzi chakale chija cha phula la Orville Tesch, n'kuchiika pambali pa chatsopanocho, pansi pake n'kulemba mawu a Delbert a fosholo imodzi ya miyala. M'lesitilanti ya moyang'anana ndi nyumba ya boma, kumene alimi amakhala m'mawa wonse pa kapu imodzi ya khofi, nkhani inali yomweyo.

“Nanenso ndinkadabwa, munthu angakhale woyera chonchija?”

“Amadikira kuti apume ntchito ali ndi msewu wabwino. Wochenjera ameneyo, Orville anali wophunzira chabe.”

“Akuti ndi za Mayi Dolezal.”

“Ee, nanenso ndikafuna kalavati ndipeza gogo wanga.”

Ndinayesa kuwayankha, ndipo mmodzi ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano. Koma ndinaona chinthu china chimene sindinachiyembekezere. Anthu sanali okwiya, anali okondwa. Kukhala ndi munthu wosalakwa pakati panu kumatopetsa, ndipo iwo anali atapeza mpumulo.

Delbert sanadziteteze. Pamsonkhano wa opikisana, atamufunsa ngati anaphwanya lonjezo lake, anati inde, analiphwanya. Atamufunsa ngati akupepesa, anati ayi. Anthu anadikira kuti apitirize, koma iye anali atakhala kale pansi. Mu Meyi anagwa pachisankho, osati moipa kwambiri, koma anagwa. Madzulo a tsikulo anakazula yekha zikwangwani zake m'mphepete mwa misewu, n'kuzisanja bwinobwino m'galimoto ngati adzazifunanso.

Chaka chimenecho matope anabwerabe, pakuti miyala sithiridwa mu Malichi. Koma poti boma linali litavomereza, Connie anasunga mawu ake, sanawasamutse mayi ake. Anatenga tchuthi n'kudzakhala ndi mayi ake mpaka nthaka itauma. Malole anafika mu Julaye, fumbi lili koboo, ndipo giledala inasalaza msewu wonse mpaka pamtsinje. Ndinadutsapo koyamba mawindo ali otsegula, ndikumva timiyala tikulira pansi pa galimoto, ndipo ndinadzipeza ndikulira nanenso, mayi wamkulumkulu, chifukwa cha msewu.

Mayi Dolezal sanamuthokoze Delbert, ndipo iye sanayembekezere. Ankapitako Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, iye ndi Marlys, kukasewera nawo makhadi, ndipo mayiwo ankamubera poyera. Mu Januwale, atapereka makiyi a nyumba ya boma kwa Kyle Brandt, anayamba kupitako pafupifupi tsiku lililonse. Namwino ankafika pa nthawi yake, galimoto yake ili yoyera. Mayiwo anaona chipale chikugwa pa mitengo imene anabzala ndi amuna awo, anadya Khirisimasi patebulo lawo, ndipo anakalipira aliyense amene anasuntha mpando wawo pawindo.

Anamwalira chakumapeto kwa Malichi, pabedi lawo, Connie atawagwira dzanja. Kunja chipale chinali chikusungunuka ndipo minda yonse inali phala lokhalokha.

Anali atasiya malangizo kwa mwana wawo, ndipo anali achikale. Sanafune kukagonekedwa m'chipinda cha kampani ya maliro m'tauni. Anafuna bokosi lawo likhale pabalaza pawo, monga anachitira apongozi awo, ndipo potuluka anyamulidwe ndi aneba. Umu ndi mmene tinkachitira kale kuno. Achibale amalira, onyamula bokosi kuchoka m'nyumba ndi amuna a mumsewu womwewo, anthu amene munkabwerekana nawo makasu ndi kukokerana ng'ombe m'matope.

M'mawa wa tsiku la maliro galimoto yakuda inafika mpaka pakhonde popanda kuterereka. Anthu ambiri anali atatsogola kutchalitchi m'tauni, moti panyumbapo tinalipo ochepa: Connie ndi mwamuna wake, ana awo awiri, abusa, Marlys, Delbert ndi ine. Mkulu wa kampani ya maliro anali wachilendo kuno, munthu waulemu wolankhula motsitsa mawu. Anatsegula zitseko zonse ziwiri, nayang'ana bokosi, nayang'ananso ife.

“Pepani,” anatero. “Mayi anati aneba ndiwo anyamule. Pakufunika anthu asanu ndi mmodzi. Kodi enawo ali m'njira, tiwadikire pang'ono?”

Tonse tinacheukira kunja. Pawindo la pabalazapo pankaoneka msewu wonse, woongoka, wouma, wokwera bwino pakati. Cha uko kunali nyumba ya a Pokorny denga litagwera m'kati, ndipo pamene panali pa a Janda panangotsala mitengo yotchinga mphepo itazungulira malo opanda kanthu.

Delbert anali atavala suti yake ya misonkhano. Anayandikira bokosi n'kugwira chogwirira cha kutsogolo.

“Musadikire, bambo,” anatero. “Mneba ndatsala ndekha. Enawo ndinawakokera ndekha kumsewu waukulu ndi thirakitala yanga.”

Mkuluyo sanamvetse, anangogwedeza mutu mwaulemu. Mwamuna wa Connie anavula jekete n'kugwira mbali inayo, ana ake n'kumutsatira. Marlys anaika chikwama chake pampando wa pawindo nakaima kumbuyo kwa mwamuna wake. Panatsala chogwirira chimodzi, cha kumiyendo. Ndinavula magolovesi n'kuchigwira, ndipo tinatuluka nawo pang'onopang'ono chifukwa cha bondo la Delbert.